Mutu Wachinayi: Phapo Limodzi Kapena Onse Awiri

1. Michira ya mawu

M'tauni yathu, mtsikana akalowa sukulu ya unamwino, chimene chimamuliza chaka choyamba si magazi kapena jakisoni ayi. Chimamuliza ndi Chilatini. Zlatica Bartková adali mmodzi wa olirawo. Adali ndi zaka khumi ndi zisanu, waluso pomanga mabala, koma Chilatini ankadana nacho kwambiri.

Phunziroli ankaphunzitsa ndi a Orolinová, mayi wamtali, woonda, waimvi mutu wonse. Iwo sankakalipa. Ankangoima pafupi ndi bolodi, choko chili m'manja, n'kumadikira mpaka wofunsidwayo atuluke thukuta.

Tsiku lina m'nyengo yachisanu adalemba liwu limodzi pa bolodi: costa.

"Bartková, imirira. Ichi n'chiyani?"

"Nthiti, aphunzitsi."

"Munthu wagwa pa njinga, wathyoka nthiti imodzi. Adokotala alemba bwanji?"

"Fractura costae."

"Chabwino. Nanga akathyoka nthiti zambiri?"

Zlatica adayang'ana kudenga. Mnzake wokhala naye desiki imodzi, Hedviga, adanong'ona kanthu koma sikadamveke.

"Fractura... costas?"

Kalasi yonse idaseka. "Wathyola nthiti, wathyolanso Chilatini," adatero Hedviga chapansipansi, kusekako n'kuwonjezeka.

A Orolinová adadikira mpaka phokoso litatha.

"Mwaseka, tsopano mumve," adatero. "Inu mumaganiza kuti ndimakuzunzani chifukwa ndilibe chochita kunyumba. Liwu la Chilatini lili ndi mutu ndi mchira. Mutu umakuuzani chiwalo chake: nthiti, mtima, chiwindi. Mchira umakuuzani ngati chiwalocho n'chimodzi kapena n'zambiri. Fractura costae, nthiti imodzi. Munthu ameneyo mumamupatsa mankhwala, n'kumuuza kuti akapume kwawo. Fractura costarum, nthiti zambiri. Ameneyo mwina akulephera kupuma, ndipo mukachedwa mudzamupeza atazizira. Madokotala athu salemba matenda m'Chisilovaki. Amalemba m'Chilatini, ndipo akamayankhula amameza mawu, sabwereza. Namwino amene samva mchira ndi gonthi wovala yunifolomu. Ine sindidzalola gonthi kutuluka m'manja mwanga n'kukaima pambali pa wodwala. Khala pansi, Bartková."

Mayina a Chilatini ali m'magulu asanu, ndipo gulu lililonse lili ndi michira yakeyake. Tsikulo adayamba gulu lachitatu, limene atsikana a chaka chachiwiri ankalitchula kuti kumanda, chifukwa ambiri ankagwera momwemo. Aphunzitsi adalemba dzina la phapo, n'kuuza onse kuti azibwereza mokweza.

"Pulmo, phapo. Pulmonis, cha phapo limodzi. Pulmones, mapapo. Pulmonum, cha mapapo."

Adabwereza mpaka belu lidalira. Potuluka, Hedviga adasandutsa mawuwo nyimbo. Ankavina pa masitepe, chikwama chili pamutu, akuimba kuti, "Pulmonum-num-num, m'mimba muli njala, ndani ali ndi buledi?"

"Iwe ndiwe wamisala," adatero Zlatica, koma adaseka. Nyimboyo idamukanirira m'mutu mpaka kunyumba.

2. Kuseri kwa kabati

Bambo a Zlatica, a Imrich Bartko (kwathu dzinali likakhala la mkazi amati Bartková), adali atagona m'chipatala kuyambira nthawi imene masamba ankayoyoka. Adagwira ntchito zaka zambiri ku fakitale yowotcha miyala, kumene fumbi loyera limakuta madenga ndi mitengo ya kumunsi kwa tauni. Amuna a kumeneko amatsokomola onse, choncho chifuwa cha a Imrich sichidadabwitse munthu, mpaka tsiku limene adalavula magazi pa mpango.

Madokotala adawauza kuti pa phapo la kumanja pali kachotupa. Adati akangonenepako ndi kupeza mphamvu adzawachita opaleshoni n'kuchotsa phapolo, poti munthu amatha kukhala ndi moyo ndi phapo limodzi. Kuyambira pamenepo a Imrich adasandutsa kudya kukhala ntchito. Ankamaliza chakudya cha kuchipatala, n'kumalizanso chochokera kunyumba, ngakhale chikuwabwerera kukhosi.

Alendo ankaloledwa Lachitatu ndi Lamlungu masana basi. Koma namwino wina wa mu wodi ya amuna, a Gizela, ankakhala nyumba yoyandikana ndi banja la a Bartko, ndipo ankatsinzina Zlatica akalowa mozemba ndi botolo la supu. M'mawa wa Lachinayi, sukulu isanayambe, mtsikanayo adalowanso chimodzimodzi.

"Wabwera dokotala wathu," adatero a Kandrač, nkhalamba yopanda mano ya pa bedi loyandikana. "Adokotala, ndiyezeni. Ndikuona ngati ndili ndi pakati."

"Musiyeni mwana wanga, inu," adatero a Imrich akutsegula botolo. "Akamaliza sukulu adzakubayani jakisoni wa mahatchi. Muli chiyani lero, Zlatka?"

"Nyemba ndi kabichi, ababa."

"Bwino. Ndikufuna pofika Khirisimasi andidule. Chaka chatsopano chindipeze kunyumba, ndikukonza denga la shedi lija."

Asanamalize supu, m'khonde mudamveka nsapato zambiri. A Gizela adasuzumira pakhomo, maso ali tong'o.

"Mayi wanga ine! Dokotala wamkulu wafulumira lero. Iwe, ima kuseri kwa kabatiyo, usapume n'komwe. Akakuona andichotsa ntchito."

Zlatica adadzipanikiza pakati pa kabati ndi khoma. Dokotala wamkulu adalowa, madokotala achinyamata akumutsata pambuyo. Adayenda bedi ndi bedi mpaka adafika pa a Imrich.

"Mukudya bwino, a Bartko?"

"Ngati nkhumba, adokotala. Opaleshoni ija liti?"

"Pitirizani kudya. Tiona mmene zikhalire."

Adawasisita phewa. Kenaka adalandira chithunzi cha m'chifuwa kwa mnyamata wina, n'kuchikweza pa zenera kuti kuwala kudutse. Adaloza apa ndi apo ndi cholembera. Adatembenukira achinyamatawo, n'kutsitsa mawu.

"Neoplasma pulmonum."

Mmodzi adafunsa kanthu kena motsitsa. Dokotala wamkulu adapukusa mutu.

"Infausta," adatero, n'kupita pa bedi lina.

Liwu loyambalo Zlatica ankalidziwa, neoplasma ndi chotupa. Lomalizalo sankalidziwa. Koma lapakatilo adali ataliimba njira yonse dzana lake. Pulmonum. Adokotala sadanene kuti pulmonis.

Gululo litatuluka adachoka kuseri kwa kabati. Adatenga botolo lija, n'kulitseka.

"Ndachedwa kusukulu, ababa," adatero, n'kutuluka osawayang'ana.

3. Funso kwa aphunzitsi

Pa nthawi yopuma, Hedviga adamukoka kuti akagule mabanzi, koma iye adakana. Adakwera kukachipinda ka a Orolinová n'kugogoda. Adawapeza akumwa tiyi, atafunda shawelo.

"Bartková? Wadwala? Sunabwerepo kuno wekha."

"Ndili ndi funso, aphunzitsi. Kodi dokotala angathe kunena kuti pulmonum pamene akutanthauza phapo limodzi?"

"Pokhapokha atakhala mbuli. Limodzi ndi pulmonis. Tinabwereza zimenezi mpaka mawu kusasa."

"Nanga infausta ndi chiyani?"

A Orolinová adaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Liwu limenelo sindinakuphunzitseni. Walimva kuti?"

Zlatica adafotokoza zonse, za supu, za kabati, za chithunzi pa zenera. Aphunzitsi adamvetsera osamudula. Atamaliza adamulozera mpando.

"Ndikakubisira ukafufuza m'buku, ndiye ndi bwino umve kwa munthu," adatero. "Madokotala amanena liwu limenelo akaona kuti matenda sangachizike."

Zlatica sadalire. Adangogwira m'mphepete mwa mpando ndi manja onse awiri.

"Tsopano undimvetsere, chifukwa zimene ndikuuzezi sizili m'buku," adapitiriza a Orolinová. "Ine ndakuphunzitsani kumva. Sindinakuphunzitseni kunena. Kunena ndi ntchito ina, yolemera kwambiri, moti ngakhale madokotala aimvi amaithawa. Ukuganiza kuti amayankhuliranji Chilatini pamutu pa wodwala? Amabisalamo. Kaya n'zabwino kaya n'zoipa, ine sindine woweruza, koma ndi mmene zilili m'zipatala zathu. Iwe wamva mawu atatu uli kuseri kwa kabati. Sudziwa kuti yatsala nthawi yaitali bwanji. Sudziwa ngati pali mankhwala ochepetsa ululu. Bambo ako akakufunsa mafunso amenewa, udzayankha chiyani? Udzawasiya ndi mawu atatuwo, iwe n'kupita kunyumba kukagona, iwo n'kutsala okha akuyang'ana denga. Ndinali ndi mtsikana wina kuno, wanzeru kukuposa. Anamva za matenda a azakhali ake, anathamanga kukawauza, akuganiza kuti akuwathandiza. Banja lonse linamuda. Sukulu anaisiya, pano amagulitsa matikiti a basi, ndipo akandiona pamsewu amawolokera tsidya lina. Usanyamule wekha katundu ameneyu. Pita kwa amayi ako, ukawauze zimene wamva. Iwo ndi adokotala ndiwo eni nkhani. Iwe ndiwe mwana, ndipo yunifolomu sunaivale."

"Ndamva, aphunzitsi."

"Ukufuna upite kunyumba?"

"Ayi. Amayi ali kuntchito."

A Orolinová adamuthirira tiyi m'kapu yawo yomwe, n'kumuyang'anira mpaka adamaliza kumwa.

4. Amayi ankadziwa

Amayi a Zlatica, a Vilma, ankagwira ntchito yochapa ndi kusita nsalu za m'mahotela. Madzulo a tsikulo adali pa tebulo la kukhitchini akusenda mbatatesi, manja atafiira ndi sopo wa kuntchito. Zlatica adakhala moyang'anana nawo, n'kutenga mpeni wachiwiri.

"Amayi, ndinamva adokotala akuyankhula lero."

"Ankati chiyani?"

"Chotupa chija sichili pa phapo limodzi. Chili konsekonse. Sadzawachita opaleshoni."

Ankayembekeza kuti amayi ake akuwa kapena kugwetsa mpeni. Koma a Vilma adapitiriza kusenda. Adamaliza mbatatesiyo, n'kuiponya m'madzi.

"Wakuuza ndani?"

"Palibe. Anayankhula Chilatini, ine ndinamva."

"Ndinakutumiza kusukulu kuti uzikamvetsera nkhani za akuluakulu kuseri kwa zitseko?"

"Ndiye kuti inu mumadziwa?"

"Adokotala anandiitana kalekale, chipale chofewa cha m'nyengo yachisanu chisanayambe kugwa."

Zlatica adaika mpeni pansi. "Ndiye mumawaphikira supu tsiku ndi tsiku, mukudziwa? Mumawamva akunena za denga la shedi, inu n'kumavomera?"

"Tsitsa mawu, makomawa ndi opyapyala." A Vilma adapukuta manja pa epuloni, n'kumuyang'ana m'maso. "Iwe ukuganiza kuti wadziwa chinthu chachikulu. Ine ndagona nacho, ndadzuka nacho, ndapita nacho kuntchito, ndipo sindinauze munthu, ngakhale abusa. Bambo ako ndinawadziwa iwe usanabadwe. Ndi munthu amene amakhala ndi moyo akakhala ndi chochita mawa. Pano mawa lawo ndi opaleshoni imeneyo. Amadzuka chifukwa cha iyo, amameta ndevu chifukwa cha iyo, amameza supu wowabwerera kukhosi chifukwa cha iyo. Ukawalanda, adzadyeranji? Agogo ako, bambo anga, dokotala wina wachinyamata anawauza zoona pamaso. Anali akuyenda okha, akudyetsa akalulu awo a m'khola. Atangomva anagona, anatembenukira kukhoma, osayankhulanso ndi munthu. Tinawaika m'manda mapeyala a pabwalo asanapse. Ine ndinaona ndi maso angawa, ndili wamng'ono kuposa iwe. Sindikufuna kuonanso. Adokotala akuti tisawauze, ine ndikuti tisawauze. Ngati watsala ndi Khirisimasi imodzi ndi bambo ako, uwasiye aidye akuseka. Chilatini chakocho usiye pakhomo la chipatala pamodzi ndi matope a ku nsapato. Wandimva?"

"Nanga akandifunsa?"

"Ukanene kuti sunafike pamenepo. Uli chaka choyamba, ndani angakutsutse? Wandimva, Zlatica?"

"Ndamva, amayi."

A Vilma adatenga mbatatesi ina. Misozi inkagwera m'makoko, koma mpeni sudaime.

5. Funso la kusukulu

Lachisanu ndi Loweruka Zlatica adapeza zifukwa zosapitira kuchipatala, moti supu ankapereka kwa a Gizela. Koma Lamlungu padalibe pothawira. Adapita ndi amayi ake, atanyamula supu wa nkhuku ndi malalanje awiri amene a Vilma adaimira pa mzere wautali kusitolo.

Wodi idadzaza alendo ndi fungo la majasi onyowa. A Kandrač okha ndiwo adalibe mlendo, ndipo ankanamizira kugona. A Imrich adamwa supu yense, n'kupukuta botolo ndi buledi.

"Mayi a Zlatica, kandipemphereni madzi otentha kwa a Gizela. Ndikufuna tiyi."

"Apite mwanayu."

"Ayi, pitani inu. Mwanayu amamupatsa ofunda, inu amakuopani."

A Vilma adaimirira. Adayang'ana mwana wawo kanthawi, kenaka adatuluka ndi ketulo.

"Sendera kuno," adatero a Imrich.

Zlatica adakokera mpando pafupi.

"Tsiku lija unabisala kuseri kwa kabati, ndinakuona nkhope potuluka. Unayera ngati khoma ili."

"Kunkazizira, ababa."

"Usandinamize. Bodza sulitha, watengera ine." Adatsokomola nthawi yaitali, n'kupinda mpango mwamsanga. "Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma makutu ndili nawo. Mkulu uja ananena mawu, ine ndinatolapo limodzi. Ndakhala ndikulibwereza pano ngati pemphero kuti ndisaliiwale. Pulumonumu. Ndatchula bwino?"

Zlatica adayang'ana pansi.

"Sindikukufunsa za matenda, za matenda n'za madokotala. Ndikukufunsa funso la kusukulu, ngati aphunzitsi ako oonda aja. Phapo amati chiyani?"

"Pulmo."

"Eya. Nanga pulumonumu?"

"Sitinafike pamenepo, ababa."

A Imrich adamuyang'ana, osakwiya.

"Tamvera, Zlatka. Amayi ako amalowa muno akuseka, maso ali ofiira. Gizela anasiya kundiyang'ana kumaso. Ndikudya ngati munthu wolima, koma taona mkono uwu, wotchi ikufika m'chigongono. Aliyense akundisisita phewa ngati kamwana kodwala chimfine. Ine ndine munthu wamkulu. Ndalera banja, ndaika makolo anga m'manda, ndatulutsapo anzanga ovulala mu uvuni wa kufakitale. Sindine woti anthu aziyankhulana pamutu panga m'chilankhulo chachilendo ngati ndine ng'ombe pamsika. Ngati nthawi ilipo, ndigona pano, ndidya, ndidikira. Koma ngati palibe, pali zinthu zimene ndiyenera kuchita miyendoyi ikadali kundinyamula, ndipo sindingazichite nditagona pa bedi ili. M'nyumba mwathu monse, amene amamva chilankhulo chawo ndiwe wekha. Ukandibisira iwe, ndilibenso wina womufunsa."

Zlatica adayang'ana kuchitseko. Anthu ankalowa ndi kutuluka, koma amayi ake sadaoneke. Bambo ake adali atamugwira dzanja. Chikhatho chawo, chimene kale chinkakanda ngati khungwa la mtengo, chidali chitafewa.

"Ndi mapapo, ababa," adatero.

"Angati?"

"Onse awiri."

A Imrich adagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndipo munthu sangamuchotse onse awiri."

"Ayi, ababa."

"Ayi," adabwereza okha. Adayang'ana kuzenera, kumene chipale chinkagwa pang'onopang'ono pa madenga. Adafinya dzanja la mwana wawo, n'kulisiya. "Wakhoza, mwana wanga. Pukuta maso, akubwera."

A Vilma adalowa ndi ketulo ikufuka nthunzi. Adathira tiyi, n'kuyamba kusenda lalanje.

"Musavutike," adatero a Imrich. "Ndakhuta. A Kandrač, dzukani, mwanamizira mokwanira. Landirani malalanje awa."

"Amenewo ndi anu," adatero a Vilma. "Mukufunika mphamvu."

"Ndati ndakhuta, mayi."

Adakoka bulangete mpaka m'mapewa, n'kutembenukira kukhoma.

A Vilma adaima ndi lalanje losenda theka m'manja. Adayang'ana msana wa amuna awo, kenaka adayang'ana Zlatica. Adalongedza botolo m'thumba, n'kutsanzika ndi mawu abwinobwino, koma a Imrich sadatembenuke.

Mayi ndi mwana adatsika masitepe. Atangotuluka pa geti la chipatala, a Vilma adaika thumba pansi n'kumumenya Zlatica khofi. Chibadwire adali asanamumenyepo. Anthu amene ankadikira basi adatembenuka.

"Ndinakupempha chinthu chimodzi," adatero a Vilma. "Chimodzi chokha. Wawapha bambo ako."

"Anandifunsa, amayi."

"Ine sanandifunse? Tsiku lililonse amandifunsa ndi maso!"

Adatola thumba n'kuyamba kuyenda. Zlatica adawatsatira chapatali, tsaya likuyaka.

6. Bedi lopanda munthu

Lolemba Zlatica adakhala m'kalasi ngati mlendo. Hedviga adamufunsa za tsaya lotupalo, iye adati dzino. A Orolinová adamuyang'ana kamodzi, ndipo tsiku lonselo sadamufunse funso.

Ataweruka sadapite kunyumba. Adalunjika kuchipatala, ngakhale silidali tsiku la alendo ndipo adalibe supu m'manja. Chipale chidali chitakula usiku, moti m'misewu ina basi zidaleka kuyenda. Mphepo inkaluma makutu.

M'khonde la wodi adakumana ndi a Gizela akutuluka m'chipinda cha foni, kachipewa ka unamwino katapendekeka.

"Iwe, wamva kale? Amayi ako tawatumira uthenga kuntchito, akubwera."

"Chachitika n'chiyani?"

A Gizela adatsegula pakamwa, koma namwino wina adawaitana mofuula, ndipo adathamangira komweko. Zlatica adakankha chitseko cha wodi.

Bedi la bambo ake lidalibe munthu. Bulangete lidali litapindidwa bwinobwino, zovala za kuchipatala zili pamwamba pake. Zlatica adagwira chitsulo cha bedi.

"Usalire, sanafe," adatero a Kandrač. Adali atakhala tsonga, ndipo nthabwala zija padalibe. "Anachoka m'mawa, anamwino ali pa chipwirikiti chogawa tiyi. Anavala buluku lawo, jasi ndi chipewa anatenga zanga. Afufuza chipatala chonse, mpaka kosungira malasha. Pano aitana apolisi."

"Koma sangathe kukwera masitepe osapumira! Apita kuti m'chisanu chotere?"

"Anamwino andifunsa zomwezo. Dokotala wamkulu wandifunsa, wandiopseza kuti andithamangitsa muno. Onse ndawauza kuti ndinali m'tulo."

"Ndiye simukudziwa?"

A Kandrač adayang'ana odwala ena. Mmodzi ankaliza mkonono, wina adali atapita kuchimbudzi. M'khonde mudamveka mawu a mayi akufunsa mokweza, ndipo Zlatica adawazindikira. Adali amayi ake, akubwera chothamanga.

Nkhalambayo idamukodola ndi chala.

"Kankha chitsekocho, ubwere pafupi, fulumira," idanong'ona. "Sindinali m'tulo ine. Bambo ako anandiuza kumene akupita ndi munthu amene akukamufuna. Koma anandilumbiritsa kuti ndiuze iwe wekha, amayi ako asamve."